Mutu 6: Zidutswa za pa Denga la Shedi

1. Dzina Lomata

Bambo ake a Namafunso anali mmisiri wa madenga kwa zaka makumi awiri, koma m'dera lonselo anthu ankawatchula kuti a Zosuluka. Ngakhale tiana tosadziwa kupukuta mamina tinkawatchula choncho, osadziwa n'komwe kumene dzinalo linachokera.

Linachokera ku holo ya m'deralo. Zaka zisanu ndi theka m'mbuyomo, bambowa anapatsidwa ntchito yokhoma mafishabodi, matabwa aja otchinga m'mphepete mwa denga, pamodzi ndi magatala otengera madzi a mvula. Zonse zinali za pulasitiki, zofiira psuu. Ntchito itatha, anthu ankaima pamsewu n'kumaloza kukongola kwake.

Chaka ndi theka chisanathe, kufiira kuja kunathawa. Matabwa anatuwa ngati miyendo ya mwana wosadzola. Kenaka mvula yoyamba itagwa, gatala la pakhomo linang'ambika pakati, madzi onse n'kukhuthukira akuluakulu amene ankatuluka mumsonkhano. Palibe anafunsa kuti pulasitikiyo anamupanga ndani. Onse ankangodziwa amene anakhoma.

Kuyambira pamenepo ntchito zazikulu zinasiya kubwera. Bambowa ankangoitanidwa kukamata malata odontha ndi kukonza zitseko za makola a nkhuku. Zinkawapweteka mumtima, ndipo banja lonse linkadziwa.

Ndiye anayamba kachitidwe kena komwe anthu ankakaona ngati misala. Akapeza chidutswa cha fishabodi kapena cha gatala, kaya chotsala pa ntchito yawo kaya chotola pomwe ena akumanga, ankachikhomera pa denga la shedi yawo, poomba dzuwa tsiku lonse. Theka la chidutswacho ankalivindikira ndi chitini chophwanya, theka linalo n'kulisiya pamtetete. Kumbuyo ankalembako nambala ndi tsiku lokhomera. Nambala 1 chinali chofiira cha ku holo chija, ndipo chimenecho sankalola munthu kuchizula.

Bondo lawo litayamba kuvuta, makwerero anamusiyira mwana wawo wamkazi wa Fomu 3. Mtsikanayu ankatchedwa Namafunso chifukwa sankameza nkhani asanaifunse kawiri. Loweruka lililonse ankakwera padengapo, kupukuta fumbi pa zidutswazo, n'kumawauza bambo ake ali pansi zimene waona. Anzake akamadutsa ankamufunsa ngati mbewu za bambo akezo zayamba kubereka.

2. Buluu wa Yunifolomu

Lachitatu lina achimwene ake a Namafunso, amene ankagwira ntchito limodzi ndi bambo awo, anafika pakhomo mano onse ali pamtunda. M'manja ananyamula chidutswa cha fishabodi chabuluu, chonyezimira moti munthu akanatha kudzionerapo nkhope.

"Bambo, tatuluka m'makola a nkhuku," anatero achimwenewo. "Kusukulu kwa Namafunso akufuna mafishabodi ndi magatala pa midadada yonse inayi, kuti madzi a mvula azilowa m'thanki. Komiti ya makolo ikumana Lachisanu masana kuti ivomereze. Katundu abweretsa a Tayi, okhoma ndife."

A Tayi anali wogulitsa zipangizo zomangira nyumba. Tayi sankavula ngakhale dzuwa liswe mtengo, ndipo pakamwa pawo panali potsekemera kwabasi. Ndiwo anauza komiti kuti buluuyo ndi wofanana ndi yunifolomu ya sukulu. Ndiwonso anatchula achimwenewo kuti ndi amene angakhome.

Namafunso analandira chidutswacho, koma za kunyezimirazo analibe nazo ntchito. Anachitembenuza monga ankachitira padenga. Kumbuyo kwake kunali chidindo cha kaambulera.

"Bambo, kaambulera kaja aka," anatero. "Kali pa nambala 1. Kalinso pa nambala 17, chabuluu chomwe munatola kochapira galimoto chija."

Bambo ake anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anakankhira chopondera kwa mwana wawo wamwamuna.

"Khala pansi, mwana wanga, ndikuuze. Pulasitiki wabwino amamusakaniza ndi mankhwala oteteza ku dzuwa akadali kufakitale. Mankhwalawo saoneka ndi maso. Ukaika matabwa awiri pa kauntala, labwino ndi lachinyengo, onse amawala chimodzimodzi, mwinanso lachinyengolo ndiye limaposa. Kusiyana kwake kumakaonekera padenga. Choyamba mtundu umasuluka. Kenaka pamwamba pamachita ufa, ukakhudza umatsalira pachala. Ukaona ufa umenewo dziwa kuti mphamvu yatha, kwangotsala kuthyoka. Komanso mtundu woderapo ngati uwu umamwa kutentha kuposa woyera. Masana thabwa limatalika, kukazizira limabwerera, tsiku ndi tsiku, mpaka polumikiza pamayasamula. Ine zimenezi ndinaziphunzira ndi dzina langa. Sindikufuna iwe uziphunzire ndi lako. Zabuluuzi ine sindikhoma."

"Ndiye mukawauze a komitiwo," anayankha achimwene.

"Ine? Ndikangotsegula pakamwa adzati a Zosuluka abwera kudzatiphunzitsa za kusuluka. Adzaseka mpaka misozi."

"Ndiye musandiletse. Ife sitisankha katundu, timangokhoma. Zaka zinayi takhala tikudikira ntchito ngati iyi. Ine Lachisanu ndipita."

Tsiku limenelo bambo ndi mwana wawo sanayankhulanenso.

3. Chenjezo la Mayi

Mayi ake a Namafunso anali telala. Lachinayi madzulo ali pa makina awo pakhonde, anaona mwana wawo akupita uku n'kubwerera, maso ali padenga la shedi. Ankadziwanso kuti mtsikanayu, pokhala mtsogoleri wa kalasi yake, anasankhidwa kukakonza mipando ndi kugawa madzi akumwa pamsonkhanowo.

"Tabwera kuno iwe," anatero, phazi litaima pa makina. "Ndinakubereka ndine, ndikudziwa zimene zikukuyabwa. Ukufuna ukayankhule ku komiti. Tamvera. Muja mukhala anthu aimvi, ndipo iwe akuitanira mipando ndi madzi basi. Ukaimirira, ena adzati makolo ako sanakulere. Ukaphonyetsa mawu amodzi, ntchito ya achimwene ako yathera pomwepo, ndipo sadzakuyang'ana bwino mpaka kalekale. A Tayi si munthu wamba. Amadyera limodzi ndi amalume ako, amene akuyang'anira ntchito yomanga chipatala chatsopano chija. Komanso Lolemba udzalowa pageti la sukulu lomwelo, ndipo anzako sadzakusiya. Sindikukuletsa kunena zoona, ayi. Koma ukafuna kunena, upemphe kaye chilolezo. Usayankhule ndi mkwiyo. Usanyoze munthu, ngakhale iye akunyoze. Ndipo usanene chinthu chimene sungathe kuwaonetsa, chifukwa akuluakulu sakhulupirira pakamwa pa mwana, amakhulupirira manja awo."

"Nanga ndikakhala chete, amayi," anafunsa Namafunso, "zaka ziwiri zikubwerazi achimwene azidzatchedwa ndani?"

Mayi ake anangoponda makina, nsalu n'kumayenda.

Lachisanu m'mawa Namafunso anatsamiritsa makwerero ku shedi, atavala kale yunifolomu. Mantha anali nawo, osanama. Atafika pakati, anamva makwerero asiya kugwedera. Anayang'ana pansi n'kuona bambo ake atawagwira ndi manja onse awiri.

Sanamufunse kanthu. Namafunso atazula nambala 17, bambowo anangoti, "Utengenso nambala 4, choyera chija. Munthu sumangomuonetsa choipa chokha, umamuonetsanso chabwino."

4. Funso Limodzi

Msonkhano unachitikira m'kalasi ya Fomu 4. Kutsogolo kunakhala ahedi, mayi wamagalasi wosakonda zocheza, pamodzi ndi a Wapampando, mkulu wa thupi lodzaza mpando. Mkuluyu anali mmodzi mwa anthu amene ananyowa ku holo kuja, ndipo nkhaniyo ankaifotokozabe ngati yachitika dzulo. Achimwene a Namafunso anakhala kumbuyo, atavala malaya ositidwa bwino.

A Tayi anaonetsa luso lawo lonse. Anapinda chidutswa chabuluu chija, chinabwerera. Anachimenya ndi hamala, sichinasweke. Anachithira madzi, madziwo anangotsetsereka.

"Zaka makumi awiri osasintha, makolo anga," anatero akukonza tayi. "Ana a ana awa adzapeza buluu yemweyu."

Anthu anaomba m'manja. A Wapampando anafunsa, mongokwaniritsa mwambo wa msonkhano, ngati panali wina wa funso asanavomereze.

Namafunso anaika jagi ya madzi pansi n'kukweza mkono.

"Zikomo a Wapampando. Ndingafunseko?"

Mitu yonse inatembenuka. A Wapampando anayang'ana ahedi, ngati akufunsa kuti mipando yayamba liti kuyankhula.

"Amene azidutsa pansi pa magatalawo ndi ophunzira," anatero ahedi. "Msiyeni afunse."

"Bambo," anatero Namafunso moyang'ana a Tayi, "chidutswa chanuchi chakhala padzuwa masiku angati?"

A Tayi anaseka. "Changotuluka m'katoni dzulo, mwana wanga. N'chatsopano. Kodi ameneyu ndi mwana wa ndani?"

"Wa a Zosuluka," anayankha wina kumbuyo.

Kalasi yonse inafa ndi phwete. Achimwene ake anaweramitsa mutu. Namafunso anakumbukira mawu a mayi ake. Anatsegula chikwama cha mabuku n'kutulutsa nambala 17, chitini chake chikadali pomwepo. Anachiika pa tebulo.

"Ichi chakhala padenga chaka ndi miyezi khumi. Tsiku lokhomera lalembedwa kumbuyoku."

"Chimenecho si changa," anatero a Tayi msangamsanga. "Changa ndi chabuluu. Icho n'chotuwa ngati phulusa."

"Mungandibwerekeko hamala yanuyo?"

A Tayi anakanika kukana pamaso pa anthu. Namafunso analowetsa mano a hamala pansi pa chitini n'kuchikanula. Misomali iwiri inalira, chitini n'kugwa pansi.

Pamene panali chitinipo panali buluu wowala, wa yunifolomu yeniyeni. Mzere wolekanitsa buluuyo ndi kutuwa kuja unali woongoka ngati wolemba ndi lula. Mtsikanayo anagundanitsa chidutswacho ndi cha a Tayi, ndipo mitundu inafanana ndendende. Kenaka anazitembenuza zonse ziwiri. Tiambulera tiwiri tinayang'ana kudenga.

A Wapampando anapitsa chala chachikulu pa mbali yotuwayo, chala n'kubwerako choyera ndi ufa. Anachipukutira pa thalauza lawo lakuda, ufawo n'kutsalira pomwepo.

"Mtundu ndi zokongoletsa chabe," anatero a Tayi, mawu atayamba kupyapyala. "Ukasuluka mupaka penti. Chofunika ndi kulimba."

"A Wapampando," anatero Namafunso, "tapindani mbali yabuluuyi."

Anapinda, ndipo inabwerera bwinobwino.

"Tsopano yotuwayi."

Sanagwiritse n'komwe mphamvu. Chinangoti thyo, ngati bisiketi, tizidutswa n'kuthethekera pa tebulo lonse. Kena kanagwera m'kapu ya madzi ya a Tayi.

Namafunso anatulutsa nambala 4. "Ichi ndi cha mtundu wina. Chakhala padenga lomwelo zaka zitatu ndi theka."

Chinali choyera, chitangochita kachikasu pang'ono. A Wapampando anachipinda ndi manja, chinakana. Anachitsamiritsa pa bondo n'kukanikiza mpaka mitsempha ya m'khosi inatuluka, koma chinangowerama n'kudzukanso. Makolo ena anasiya mipando yawo kuti adzayese okha.

Pamenepo achimwene a Namafunso anaimirira kumbuyo kuja.

"Makolo anga, mlongo wangayu akunena zoona. Ine ndinadziwa Lachitatu, bambo anandiuza. Ndinakhala chete chifukwa ndinkaifuna ntchitoyi. Ndikuifunabe, koma zabuluuzi sindikhoma."

A Tayi anakumbukira mwadzidzidzi kuti pali munthu akuwadikira kwina. Analongedza katundu wawo mwachangu moti hamala anaiiwala pa tebulo.

"Mtsikana iwe," anatero a Wapampando, "zidutswa zoterezi zilipo zingati kwanuko?"

"Makumi atatu ndi chimodzi."

Mkuluyo anavala chipewa chake. "Msonkhanowu sunathe. Wangosamukira ku shedi."

5. Komiti pa Shedi

Anthu a mumsewu wa kwawo ataona komiti yonse ikubwera mondondozana, ahedi ali pakati, Namafunso ali patsogolo, anaganiza kuti mtsikanayo wachotsedwa sukulu. Ena anasiya zochapa n'kutsatira, chifukwa nkhani ya tsoka la mnzako imakoma ukaionera wekha. Mayi ake anaimitsa makina, dzanja lili pachifuwa.

Bambo ake anali pa chopondera chawo akunola sowo. A Wapampando anaima patsogolo pawo n'kuvula chipewa.

"Dzina lija ndinayambitsa ndine," anatero mokweza kuti onse amve. "Tsiku lomwe ndinanyowa ku holo. Ndinaweruza wokhoma osafunsa za katundu. Lero ndathyola ndekha ndi manja angawa, ndaona. Pepani, a Mmisiri."

Bambowo anaika sowo pansi. Zaka zinayi anakhala akudikira kumva zimenezi, ndipo zitabwera analibe poziika. Anangotambasula dzanja, awiriwo n'kugwirana chanza.

Kenaka pakamwa panatseguka, ndipo sipanatsekekenso msanga. Namafunso ankakwera n'kutsika, kubweretsa nambala iliyonse yomwe bambo ake atchula, iwo n'kumafotokoza.

"Mukafuna zokhalitsa, sankhani zoyera kapena zowalirapo, ndipo wogulitsa akuonetseni nyumba imene katundu wakeyo wakhalapo zaka zitatu. Akakana, tulukani m'sitolomo. Koma ngakhale katundu wabwino amaonongeka ndi wokhoma waphuma. Pulasitiki amayenda. Polumikiza magatala pamafunika kusiya kampata, kuti dzuwa likatentha apeze kotalikira. Ukamanga mothinitsa ngati thabwa la mtengo, amapindika kapena kung'ambika. Zogwirizira zake zisatalikirane, chifukwa madzi amalemera. Ndipo chaka chilichonse mvula isanayambe, wina akwere akachotse masamba. Zimenezi si zamatsenga ayi, n'zongofuna kudekha."

Komiti inagwirizana pomwepo, pabwalo la shedi, nkhuku zikudutsa m'miyendo. Ntchito ya midadada yonse inayi inaperekedwa kwa bambo ndi mwana wawo, ndipo katundu anati asankhe a Mmisiri eni ake. Ahedi anawonjezera kuti chidutswa chimodzi cha katunduyo chidzakhomedwe padenga la sukulu, theka lake lovindikira, ndipo ana a kalasi ya sayansi azidzachiyendera.

Mayi wina woyandikana nawo nyumba, amene anathamangira kudzaona tsoka, anayamba kuti, "Koma ndiye a Zosu..."

"Amatchedwa a Mmisiri," anamudula mayi ake a Namafunso, osakweza n'komwe mawu. Kenaka anayang'ana mwana wawo n'kumugwedezera mutu kamodzi. Namafunso anasangalala moti akanatha kudumpha shediyo popanda makwerero.

Alendo atachoka, achimwene ake anamupeza akumwa madzi pampopi.

"Lero wandichititsa manyazi, iwe."

"Pepani achimwene."

"Usapepese. Kuli bwino manyazi a ola limodzi kusiyana ndi a zaka zinayi." Anamukoka khutu pang'ono. "Koma tsiku lina uzindiuza kaye, ndisamavutike n'kusita malaya."

6. Zooneka Uli Padenga

Dzuwa litapendeka, Namafunso anakweranso kukabwezera zidutswa m'malo mwake. Bambo ake anagwira makwerero, akuimba kamluzu komwe panyumbapo anali atakaiwala.

Padenga la shedi munthu ankaona kutali. Namafunso atakhomera nambala 4, anaongoka kuti apumitse msana. Kutsidya kwa msewu waukulu, pamene ankamanga chipatala chatsopano, lole inali itaima pageti. Anthu ankatsitsa matabwa ataliatali, ndipo ngakhale patali choncho buluu wake ankawala. Pambali pa loleyo panaima munthu wa tayi, akugwirana chanza ndi munthu wa chipewa cholimba chachikasu. Kaimidwe ka wachipewayo Namafunso ankakadziwa kuyambira ali khanda.

"Waona chiyani kuti ungoti chilili?" anafunsa bambo ake.

"A Tayi, bambo. Akutsitsa zabuluu zija kuchipatala. Akulandira ndi amalume."

Mluzu uja unaleka. Pakhonde napo makina anaima.

"Nambala 17 yathyoka," anatero Namafunso. "Tikawaonetsa chiyani?"

Bambo ake anayang'ana kudenga, kukona komwe kunali chidutswa chomwe sankalola munthu kuchizula.

"Zula nambala 1," anatero. "Ndipo usachiike m'chikwama chako. Chimenecho mawa ndikanyamula ndekha."